Mwana wofunsa "Madamu ndalemba bwino?" kakhumi pa phunziro limodzi: mmene mungachepetsere osamutseka pakamwa

Pali makhalidwe ena oti si oipa ayi, vuto lake ndi kuchuluka basi. Mwana kukweza mkono mkalasi ndi zomwe tonse timafuna, kupempha kupita kuchimbudzi palibe cholakwika, kubwera ndi kope kutsogolo kudzafunsa "Madamu apa ndakhoza?" zikusonyeza kuti mwanayo ali nacho chidwi. Koma akamachita zimenezi kakhumi pa phunziro limodzi, mkalasi moti muli ana 90 pena kuposa 100 monga mmene makalasi ambiri a ana ang'onoang'ono akhalira chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994, mphunzitsi amatopa ndipo ana ofatsa aja okhala kumbuyo sawafikira n'komwe. Nde zomwe zimatsatira tonse timazidziwa, tsiku lina amangophulika "khala pansi iwe wandikwana!" ana onse nkuseka, mwana uja kuyambira pamenepo safunsanso olo asakumva kanthu. Phokoso latha inde, koma mwatayanso mwana amene amafuna kuphunzira, ndipo ine zimenezi zimandiwawa kuposa phokosolo.

Njira ilipo yochepetsera khalidwe lotere osalipha. Akatswiri a zamakhalidwe amaitchula mwachidule kuti DRL, ndipo mfundo yake ndi yoti mwana amalandira mphotho chifukwa wachita chinthucho mochepa, osati chifukwa wasiyiratu. Zili ngati kupatulira chimanga, suzula phando lonse, umasiyapo chokwanira kuti chikule bwino. Inayambira kutali, B.F. Skinner ndi Charles Ferster ku America analemba mu 1957 za nkhunda zomwe zinkapatsidwa chakudya pokhapokha zikadikira kaye kanthawi zisanajomphenso, ndipo nkhundazo zinaphunzira kujompha modekha. Mu 1973 Samuel Deitz ndi Alan Repp anaitengera mkalasi, kwa mnyamata wa zaka 11 yemwe ankangolankhula osapatsidwa mpata. Anamuuza kuti akalankhula kosapitirira katatu pa phunziro apatsidwa mphindi 5 zosewera, ndipo kulankhula kuja kunatsika ndithu. Mphindi 5 zokha, opanda ndodo opanda kugwaditsa.

Musanayambe chilichonse dzifunseni kaye ngati khalidwelo ndi la mtundu umenewu. Kumenya anzake, kuluma, kugenda, kuthamangira kumsewu, kutukwana aphunzitsi, izi si zoti munganene kuti "lero umenye awiri okha", zimenezo zimafuna njira ina yozithetseratu. Njira ino ndi ya zinthu zomwe mukufuna zizichitikabe koma pa mlingo wake.

Komanso fufuzani ngati palibe chifukwa cha mthupi, apa ndikutsindika chifukwa ambiri timalumpha. Mwana wopempha kuchimbudzi pafupipafupi mwina ali ndi likodzo, makamaka kumadera a kunyanja ndi kumadambo komwe ana amasambira m'madzi oima, mwina ndi matenda a mchikhodzodzo, mwina shuga, ndipo mtsikana wa sitandade 6 kapena 7 mwina wayamba kusamba ndipo sangakuuzeni pagulu. Mwana wongobwerabwera kutsogolo kudzafunsa zomwe zalembedwa pa bolodi mwina maso ake sawona patali, wongoti "mwati bwanji?" mwina khutu likutuluka mafinya. Ameneyo safunika mphotho, akufunika kuchipatala kapena kumusunthira kutsogolo. Lankhulani ndi makolo kaye. Zachimbudzi ine ndimati musaziikire malire nkomwe mpaka mutatsimikiza kuti mwanayo ali bwinobwino ndipo akungothawa masamu.

Mukatsimikiza, tchulani khalidwelo momveka bwino moti munthu wina atalowa mkalasi mwanu atha kuwerenga chimodzimodzi ndi inu. "Amavuta" si khalidwe lowerengeka. "Amadzuka pamalo pake kubwera ndi kope kwa ine nthawi yolemba" ndiye lowerengeka. Sankhani chimodzi chokha, osaphatikiza kudzuka, kulongolola ndi kubwereka pensulo zonse pakamodzi, mungosokonezeka nonse awiri.

Kenako werengani, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Kwa masiku anayi kapena asanu musasinthe kalikonse, musamuuze mwanayo, muzingowerenga kuti wachita kangati pa phunziro lomwelomwelo tsiku lililonse. Simufunika fomu kapena foni yapamwamba. Ikani njere za chimanga kapena timiyala mthumba la kumanja, akabwera kamodzi musamutse kamodzi kupita kumanzere, belu likalira muwerenge nkulemba kuseri kwa buku lanu la sikimu. Amayi ovala chitenje opanda thumba mutha kungolemba timizere ndi choko pakona pa tebulo. Tiyerekeze mwapeza Lolemba 9, Lachiwiri 12, Lachitatu 8, Lachinayi 11, mukaphatikiza ndi 40, kugawa ndi masiku 4 ndiye kuti amabwera pafupifupi ka 10 pa phunziro. Chifukwa chowerengera nchakuti mutu umanama, munthu ukatopa naye mwana umaona ngati amabwera ka 30, ndipo pena umapeza kuti amabwera katatu kokha koma amabwera nthawi yoipa, zomwe ndi vuto lina. Popanda nambala imeneyi simudzadziwanso ngati zikusintha kapena ayi.

Tsopano muganize manambala awiri. Yoyamba ndi komwe mukufuna kukafika, ndipo njira yabwino yoipezera ndi kuyang'ana mwana wina wa mkalasi momwemo yemwe amafunsa mwa mlingo wabwino, mwina kawiri kapena katatu pa phunziro. Yachiwiri ndi poyambira, ndipo poyambira pakhale pa nambala munapeza ija kapena pansi pake pang'ono, monga 8 kapena 9 kwa mwana wa ka 10 uja. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kungodumphira pa 2 tsiku loyamba lomwelo, koma mukatero mwana alephera Lolemba, alephera Lachiwiri, mphotho saionako olo kamodzi, pofika Lachitatu wasiya kukukhulupirirani. Masiku oyamba akuyenera kupambana mosavuta kuti alawe kukoma kwake, zovuta zibwere pambuyo.

Pali mitundu itatu ya kachitidwe kake, Deitz yemwe uja anaifotokoza mu 1977, ndipo muyenera kusankha umodzi.

Woyamba ndi wa phunziro lonse. Mumauza mwana kuti phunziro likatha asanapyole ka 8 alandira mphotho. Ndi wosavuta kwa mphunzitsi wa kalasi lalikulu chifukwa mumaweruza kamodzi kumapeto. Mu 2011 Jennifer Austin ndi Deborah Bevan anauyesa pa ana atatu a pulayimale ku Wales omwe ankangofuna aphunzitsi awo aziwathandiza ndi kuwayamikira nthawi zonse, kupempha kuja kunatsika koma anawo anali ndi mwayi wothandizidwabe akafunadi, ndipo mphunzitsi wawo anati njirayo ndi yothandiza komanso yotheka. Koma uli ndi chilema chimodzi choti muchidziwiretu. Mwana akapyola malire ake mphindi khumi zoyambirira amadziwa kuti za lero zapita kale, nde mphindi zotsalazo alibe chotaya, amangobwera mmene akufunira.

Wachiwiri umakonza chilema chimenecho. Mumadula phunziro mzidutswa, tinene la mphindi 30 mulidule patatu mphindi 10 10, chidutswa chilichonse chikhale ndi malire akeake monga kosapitirira katatu, akakwanitsa mumamuikira chizindikiro pa kakhadi kake. Akalakwa chidutswa choyamba chachiwiri amayambiranso ndi mwayi watsopano. Ndi wabwino kwa ana ang'onoang'ono a sitandade 1 ndi 2 omwe kudikira mpaka kumapeto kwa phunziro ndi kutali kwambiri, koma umafuna wotchi ndi maso, mkalasi la ana 100 muli nokha ndi wolemetsa, ndinene zoona.

Wachitatu ndi wotalikitsa mpata pakati. Apa simuwerenga kuti kangati koma kuti papita nthawi yaitali bwanji chichitireni komaliza. Mwana akakweza mkono patadutsa mphindi 5 chiyankhireni mumamuloza, akakweza zisanakwane simumuloza ndipo kuwerenga mphindi kumayambiranso. Umenewu ndi umene umasunga khalidwelo lamoyo kwambiri chifukwa mphotho imabwera pomwe wachita chinthucho, pa nthawi yake. Ndi womwenso umathandiza pa kudya mothamanga. David Lennox, Raymond Miltenberger ndi anzawo mu 1987 anaugwiritsa ntchito pa anthu atatu olumala ubongo omwe ankadya mofulumira kwambiri, anaika masekondi 15 pakati pa kutapa ndi kutapa kwina, uku akuwathandiza kuika supuni pansi podikira. Kunyumba ndi mwana womeza nsima osatafuna mutha kuchita zofanana, mbamu imodzi, dzanja pansi, atafune ameze, kenako ina, mukumuyamikira akadikira. Chakudya chake adye chonse, chomwe mukusintha ndi liwiro basi.

Ngati simukudziwa poyambira yambani ndi woyamba uja.

Mphotho tsopano. Anthu akamva mphotho amaganiza masiwiti ndi ndalama nkuyamba kudandaula kuti malipiro ake ati, koma zomwe ana amazifuna kwambiri kusukulu zambiri ndi zaulere. Kufufuta bolodi, kukatenga choko ku ofesi, kuliza belu la buleki, kugawa makope, kuyambitsa nyimbo, kusunga mpira, kukhala kutsogolo kwa mzere. Mufunseni mwanayo kuti angakonde chani, musamuganizire, chifukwa chomwe inu mukuona ngati ulemu wina amachiona ngati chibalo, mwana wamanyazi kumuimika kutsogolo kuti anzake amuombere mmanja ndi chilango chenicheni. Ndipo taonani bwino, mwana wobwerabwera ndi kope uja chomwe akusaka ndi inuyo, maso anu ndi mawu anu. Ndiye mphotho yomugwira mtima ndi yomweyo, mphindi ziwiri kumapeto kwa phunziro mutakhala naye pansi kuona ntchito yake yonse bwinobwino ndi kumuchongera ndi cholembera chofiira. Zomwe amazipempha kakhumi mwapang'onopang'ono azipeze kamodzi zokwanira. Chomwe simuyenera kuchita ndi kusandutsa zinthu zoti ndi zake kale kukhala mphotho, phala la kusukulu, buleki, chakudya cha kunyumba, izi musazigwire. Mphotho ikhale chowonjezera pamwamba.

Mukakonza zonsezi muitaneni payekha, osati pamaso pa kalasi. Mawu ake akhale ngati awa: "Chikondi, ndimasangalala kuti umafuna ntchito yako ikhale yabwino, ndipo ndikufuna uzindifunsabe. Koma anzako nawonso akundifuna. Nazi zitsekerero 8, ukabwera kwa ine uzindipatsa chimodzi. Belu likalira utatsala nacho olo chimodzi, kapena utangomaliza osapempha china, iweyo ndiye ufufuta bolodi ndipo tikhala pansi tione kope lako." Zitsekerero za mabotolo zomwe ana amawerengera masamu zija ndi zabwino kwambiri pa ntchito imeneyi chifukwa mwana amaziona ndi kuzigwira. Mudzamuona atadzuka theka, wayang'ana pa desiki patsala zitatu, wayang'ana kope, kenako wakhalanso pansi nkufunsa mnzake wa pambali. Kuganiza kumeneko, kodzifunsa kuti kodi funso ili ndi loyenera chitsekerero, ndi chinthu chomwe mukuphunzitsa kwenikweni. Ana akuluakulu a sitandade 7 ndi 8 zitsekerero angazione zachibwana, apatseni kapepala kokhala ndi timabokosi muzisainapo.

Musamusiye wopanda chochita mmalo mwake. Muuzeni kuti akakakamira ayambe wawerenganso funso, kenako afunse mnzake, akalephera aike kadontho pambali pa funsolo apitirize ena, adzabwere nawo onse pamodzi. Mafunso atatu pa chitsekerero chimodzi ndi nzeru, muyamikireni akatero.

Akabwera malire asanakwane muthandizeni ndi nkhope yabwino monga kale, osamuonetsa kuti akukutayitsani nthawi, paja mwamuuza nokha kuti ndi zololedwa. Akapyola musakalipe, musamulalikire, musamulande zomwe anapeza dzulo. Mungoti "zitsekerero zatha, tiyesanso phunziro likubwerali" nkupitiriza zomwe mumachita. Kukalipa kwa mwana wosaka chidwi ndi mphotho ndithu, akuona kuti Madamu asiya ana 99 akuyang'ana ine. Yembekezeraninso kuti masiku oyamba akhoza kuonjeza kaye, kuyesa ngati mukunenadi zoona, ena amalira kumene. Limbani mtima, mukagonja tsiku limenelo mwamuphunzitsa kuti kulimbikira kuvuta kumalipira. Koma ngati wadwala, wavulala kapena pali choopsa, zimenezo siziwerengedwa, ndipo mumuuziretu kuti pa zotere abwere nthawi iliyonse olo zitsekerero zitatha.

China chomwe chimafulumizitsa zinthu, pomwe wakhala phee akulemba yekha mudutseko, mugwire desiki yake, "ukuchita bwino, pitiriza". Masekondi atatu okha. Akaona kuti maso anu amamupeza olo asanadzuke, chifukwa chodzukira chimachepa chokha.

Mphotho iperekedwe pompo phunziro likangotha ndipo munene chifukwa chake, "wabwera ka 6 kokha ndipo masamu anayi wapanga wekha". Lonjezo la Lachisanu kwa mwana wa sitandade 2 ndi lakutali kwambiri. Ndipo ngati mwalonjeza chitani, tsiku limodzi loiwala limagwetsa ntchito ya sabata yonse.

Kutsitsa malire kuzichitika pang'onopang'ono. Akapambana masiku atatu otsatizana chotsani chitsekerero chimodzi kapena ziwiri, 8 ikhale 7 kapena 6, mumuuze monyadira kuti wakula ndiye masewerawa akukwera. Mutha kuyang'ananso nambala zomwe akupanga, ngati malire ndi 8 koma iye akungobwera ka 5 tsiku ndi tsiku palibe chifukwa chodutsira 7 ndi 6, pitani pa 5. Akalephera masiku awiri atatu otsatizana ndiye kuti mwathamanga, bwererani pomwe amakwanitsa mukhalepo kaye. Ngati akulepherabe onani mphotho, mwina yamukwana, kufufuta bolodi sabata zitatu kumatopetsa, sinthani. Onaninso ntchito yomwe mukumupatsa, chifukwa mwana yemwe sakutha kuwerenga ndipo mwamupatsa ndime yoti ayankhe mafunso adzabwerabe olo mumulonjeze njinga, pamenepo vuto si khalidwe koma sakumva phunzirolo.

Mukafika pa nambala munaisankha poyamba ija, 2 kapena 3, imani pomwepo. Musatengeke kuti poti zikuyenda tiyeni tifike pa 0. Mukatero mwabwerera kwa mwana wotsekedwa pakamwa uja, kungoti mwadzera njira yaulemu. Ndipo muziyang'anira, chifukwa mtundu woyamba ndi wachiwiri uja mwana wochenjera amazindikira kuti akapanda kufunsa nkomwe mphotho ndi yotsimikizika. Mukaona zitsekerero zikubwerera zonse masiku angapo koma mkope muli zolakwa zokhazokha, sinthani lamulo, muti mphotho ibwera akafunsa kamodzi mpaka katatu, osati ziro, kapena musamukire ku mtundu wachitatu uja.

Zikakhazikika yambani kuchotsa zothandizira. Mphotho izibwera masiku ena osati onse, kenako zitsekerero zichoke azingowerenga mumtima, kutsale kumuyamikira ndi pakamwa apo ndi apo. Pitirizani kuwerenga mwakabisira kamodzi pa sabata kuti muone ngati zikubwerera, makamaka potsegulira teremu, tchuthi chimafufuta zambiri. Zikabwerera tulutsaninso zitsekerero kwa sabata imodzi, sizitenga nthawi ngati poyamba.

Nanga ngati vuto si mwana mmodzi koma kalasi lonse, aliyense kukuwa "ine Madamu! ine Madamu!" uku akuliza zala? Pali njira ya magulu yomwe Harriet Barrish, Muriel Saunders ndi Montrose Wolf anaiyesa ku Kansas mu 1969. Kalasi limagawidwa pawiri, wina akalankhula osalozedwa gulu lake limalandira kamzere pa bolodi, ndipo gulu lililonse lomwe timizere take sitinapyole malire limapambana, kutanthauza kuti onse awiri atha kupambana tsiku limodzi. Kwa makalasi athu odzaza imeneyi ndi yotheka kuposa kusunga zitsekerero za ana khumi osiyanasiyana. Chenjezo langa ndi loti muyang'anire kuti gulu lisamuukire mwana mmodzi yemwe akuwaluzitsa, zoopsezana pa buleki zimayambira pamenepo. Mukaona mwana wotere muchotseni mkuwerenga kwa gulu mumupangire malire akeake mwakachetechete.

Makolo kunyumba ndondomeko ndi yomweyi. Mwana wopempha foni kuti aonere makatuni kakhumi madzulo amodzi, kapena woitana "amama, amama" mphindi iliyonse muli pa moto, werengani kaye masiku angapo, mupatseni timiyala take, akatsala nato pofika nthawi ya nsima mumuimbire nthano kapena musewere naye bawo. Chovuta kunyumba ndi choti akuluakulu ndi ambiri, inu mukana koma agogo apereka, achimwene ake apereka, ndiye khalani pansi nonse mugwirizane nambala imodzi musanamuuze mwanayo, ndipo timiyalato tizikhala pamalo amodzi poonekera monga pawindo kuti aliyense wopemphedwa azitenga kamodzi.